Denga limodzi, mitu yambiri: kugawana nyumba ku Joni ndi kuno kwathu

Mwana akatsika basi mumzinda wa Johannesburg n'kuimba foni kumudzi kuti wafika bwino ndipo pogona wapeza, makolo amayamika Allah, mitima n'kukhala pansi. Ndi ochepa amene amafunsa kuti pogonapo ndi potani. Ife amene timakhala ndi makolowa m'mizikiti ya ku Mangochi, Machinga ndi Balaka tinazolowera kumva za ntchito imene mwana wapeza, za marandi amene watumiza, za malata amene agulidwa. Za chipinda chimene mwanayo amagonamo sitimva. Chonsecho kawirikawiri pogonapo ndi matiresi oyalidwa pakona ya chipinda chimene akugawana ndi anyamata ena anayi kapena asanu, kapena kachigawo ka pabalaza kotchingidwa ndi nsalu, m'fulati imene inamangidwira banja limodzi.

Nkhaniyi ikabuka pakati pa akuluakulu, ndimamva maganizo awiri. Ena amati kukhala mounjikana chotero n'kunyazitsa, ndipo ndiko kukuwononga makhalidwe a achinyamata athu. Ena amangoti ndi mmene kulili kuchilendo, palibe chokambirana. Maganizo onsewa sindigwirizana nawo. Kugawana nyumba ndi njira yanzeru yochepetsera mtengo wa pokhala, ndipo m'mizinda yambiri munthu wosauka alibe njira ina. Chimene chimasiyanitsa nyumba yosunga anthu ndi nyumba yowapha si chiwerengero cha ogonamo chokha, koma ngati pali mwini woti n'kumufunsa zinthu zikalakwika, komanso pangano limene okhalamo onse akulidziwa.

Tiyambe ndi masamu ake. Kuyambira mwezi wa March 2024, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo ku South Africa anali R27.58 pa ola, ndipo mu March 2025 anakwera kufika pa R28.79. Munthu wogwira maola 45 pamlungu pa mlingo umenewu amalandira ndalama zongopitirira pang'ono R5,000 pamwezi. Uyo ndi amene bwana wake amatsata lamulo; wopanda ziphaso nthawi zambiri amalandira zocheperapo ndipo alibe kodandaula. Pa ndalama yomweyo adye, akwere minibasi, atumize kumudzi, abweze ngongole ya ulendo. Atati akhale yekha m'fulati, lendi yokha ingameze malipiro onse. Akagawana ndi anzake anayi, lendi, magetsi ndi madzi zimagawika pasanu, mphika umakhala umodzi, ndipo amagona pafupi ndi ntchito m'malo mokagona kutali kumene ndalama yokwerera ingathe theka la thumba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku Joni mwambiwu unasiya kukhala fanizo, ndi mmene zililidi.

Koma phindu lake silithera pa ndalama. Wobwera kumene amamva za ntchito kuchokera kwa amene akugona naye chipinda chimodzi. Akadwala, alipo womuperekeza kuchipatala. M'mwezi wa Ramadan amadzutsana kudya dakwi, ndipo amene wafulumira kuweruka amaphikira anzake chakudya chomasulira. Wina akamwalira, m'zipinda zomwezi ndi mmene mumayambira msonkhamsonkha woti thupi likaikidwe mwaulemu kapena litumizidwe kumudzi. Amene anakhalako yekhayekha m'mzinda wa eni, osadziwa chiyankhulo, amadziwa kulemera kwa zinthu zimenezi. Ndipo Msilamu sangaone zachilendo apa. Mtumiki Muhammad (SAW) atasamukira ku Madina m'chaka cha 622, anamanga ubale pakati pa osamuka ochokera ku Makka ndi eni mudzi, ndipo ambiri mwa osamukawo analandiridwa m'nyumba za abale awo atsopanowo. Ena amene analibe kolowera ankakhala pamodzi pa khonde la mzikiti, amene timawatchula kuti anthu a pa Suffa. Mudzi woyamba wa Chisilamu unayamba ndi anthu ogawana denga.

Amalawi sanayambe lero kugona mothithikana ku South Africa. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela ankagona m'makomponi a amuna okhaokha, ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana. Kumeneko mwini analipo, malamulo analipo, koma anali malamulo a bwana osungira antchito ngati zipangizo. Wogonamo analibe mawu, ndipo mkazi ndi ana ankatsala kumudzi. Ulendo wa kumigodi unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ndikukumbutsa izi kuti tisaganize kuti kukhala ndi mwini n'kokwanira pakokha. Komabe zidzukulu zawo lero zagwera mbali inayo, m'nyumba zimene mulibe mwini konse.

Usiku wa pa 31 August 2023, moto unabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, pa 80 Albert Street m'dera la Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana aang'ono. Mwa amene anazindikirika, 20 anali Amalawi. Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un. Nyumbayi inali ya khonsolo ya mzindawu. M'nthawi ya tsankho inali ofesi yoperekera ziphaso zololeza anthu akuda kukhala m'tauni. Pambuyo pake inabwerekedwa kwa bungwe losunga amayi ndi ana ozunzidwa, ndipo bungwelo litalephera kuiyendetsa, inagwera m'manja mwa anthu amene anayamba kutolera lendi ngati kuti ndi yawo. Mkati mwake munamangidwa tizisakasa ta matabwa, makatoni ndi mapulasitiki, kuti chipinda chimodzi chibale tizipinda tambiri. Magetsi anali olumikiza mwakuba. Zipangizo zozimitsira moto zinali zitawonongeka. Njira zothawira zinali zotsekeka, zina ndi mageti achitsulo oikidwa poopa akuba. Moto utayaka, ena anafera pa geti, ena anadumpha pa mazenera a m'mwamba.

Boma la chigawo cha Gauteng linakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe, amene kale anali woweruza m'khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Pamaso pa komitiyi, mu January 2024, bambo wina anaulula kuti ndiye anayatsa motowo pofuna kubisa mtembo wa munthu amene anamupha. Wina akanatha kunena kuti basi nkhani yatha, wolakwa wapezeka. Koma lipoti loyamba la komitiyi, limene linaperekedwa mu May 2024, linaloza chala khonsolo ya mzinda ndi kampani yake yosamalira nyumba, ponena kuti ankadziwa za kuopsa kwa nyumbayi kwa zaka zingapo koma sanachitepo kanthu. Apa mpofunika kumvetsa bwino. Ngakhale woyatsa atakhala mmodzi, chimene chinasandutsa moto wa m'chipinda chimodzi kukhala manda a anthu 76 ndi matabwa, mageti okhoma ndi mwini wogona tulo.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'nkhaniyi n'chakuti anthu aja sankakhala ulere. Ankalipira mwezi ndi mwezi. Ndalama imene ikanakonzera mapaipi, kugula zozimitsira moto ndi kulipira mlonda inkalowa m'matumba a anthu amene analibe udindo uliwonse pa nyumbayo. Otolera lendi analipo, koma woyankha mlandu panalibe. Ndipo motowo utazima, ena mwa opulumuka anagwidwa chifukwa chosowa ziphaso, zomwe zinaphunzitsa ena onse okhala m'nyumba zotere kuti kudandaula kwa akuluakulu a boma n'kudziputira tsoka.

Pali anthu ku South Africa amene yankho lawo ndi lakuti nyumba zonse zotere zitsekedwe ndipo okhalamo athamangitsidwe. Kunena n'kosavuta. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula kale, pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 ndi wa Blue Moonlight mu 2011, kuti khonsolo singangotulutsa anthu osauka n'kuwasiya pamsewu. Iyenera kukambirana nawo ndi kuwapezera pokhala pongoyembekezera. Andale ena amati zigamulo zimenezi ndizo zikumanga manja khonsolo. Ine ndimaona kuti zinangoulula poyera chimene chikusowa, chomwe ndi zipinda zotsika mtengo zoyendetsedwa mwadongosolo. Mukatseka nyumba imodzi popanda kutsegula ina, anthuwo sasungunuka. Amakaunjikana m'nyumba yoyandikana nayo, ndipo tizisakasa timawonjezeka.

Kuti kugawana nyumba kungayende bwino, umboni uli mumzinda womwewo. Bungwe la Madulammoho Housing Association, limene linayamba mu 2004 ndipo dzina lake m'Chisotho limatanthauza kukhalira pamodzi, linatenga nyumba zakale za m'madera ngati Hillbrow n'kuzikonza kuti munthu kapena banja likhale ndi chipinda chakechake chokhoma, pamene bafa, chimbudzi ndi kophikira n'zogawana. Lendi imatsika chifukwa zipinda zodula kumanga, zomwe ndi za madzi ndi mapaipi, n'zochepa. Pamakhala woyang'anira nyumba wodziwika, malamulo olembedwa, ndi pangano losainirana. Bungwe la Johannesburg Housing Company, lomwe linayamba mu 1995, nalonso lakhala likukonza nyumba zosiyidwa za pakati pa mzinda kuti anthu opeza zochepa azichita lendi. Mukayerekeza nyumba zimenezi ndi Usindiso, mupeza kuti anthu ake ndi amodzimodzi, osauka ofuna kugona pafupi ndi ntchito, ndipo konseko bafa n'logawana. Kusiyana kwagona pa amene akulandira lendi ndi zimene amachita nayo.

Ndisabise vuto lake. Nyumba zothandizidwa ndi boma ngati zimenezi zimafuna chitupa cha unzika kapena chilolezo chokhazikika, komanso umboni wa malipiro. Mwana wathu amene masiku a m'pasipoti yake anatha kalekale sangalembetse. Choncho khomo labwino ndi lotsekeka kwa iye, lotseguka ndi la akuba. Ichi n'chifukwa china chimene timalimbikitsira achinyamata kuti asanyamuke popanda mapepala oyenera, ngakhale ndikudziwa kuti njala ya kumudzi simva ulaliki.

Maiko ena anavomereza kuti anthu osakhala pachibale adzagawanabe nyumba, ndipo m'malo moletsa anaika malamulo. Ku England, kumene kulinso Amalawi ambiri m'mizinda ngati Leicester ndi Manchester, nyumba imene mukukhala anthu asanu kapena kuposerapo ochokera m'mabanja osiyana imayenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo. Mwini wake amakakamizidwa kuika mabelu ochenjeza za utsi, kuyezetsa gasi chaka chilichonse ndi kusiya njira yothawira yotseguka, ndipo kuyambira mu 2018 chipinda chogona munthu wamkulu mmodzi sichiyenera kuchepera 6.51 sikweya mita. Ozembetsa malamulowa aliko, koma wolakwiridwa amadziwa khomo logogoda.

Tsono pali gawo limene boma lililonse silingatikonzere, lomwe ndi khalidwe la okhalamo eni ake. Mikangano imene imafika kwa ine kuchokera kwa anyamata a ku Joni, kudzera mwa makolo awo, kawirikawiri siikhudza mwini nyumba. Imakhala pakati pa Amalawi okhaokha. Ndikukumbukira nkhani ya anyamata asanu a mudzi umodzi amene ankapereka gawo lawo la lendi kwa mnzawo wamkulu, amene dzina lake ndilo linali pa pangano. Kwa miyezi itatu iye ankatumiza ndalamazo kumudzi kukamalizira nyumba yake, akuganiza kuti abweza asanadziwike. Tsiku lina anyamatawo pobwera kuntchito anapeza loko wasinthidwa ndipo katundu ali pakhonde. Nkhaniyo inadzafika pa bwalo la mzikiti wathu kuno, makolo a mbali zonse atasiya kupatsana salamu. Nditafunsa ngati panali polemba pamene aliyense ankasainira akapereka, anandiyang'ana modabwa, amvekere, "Shehe, tingalembane ife abale?"

Inde, abale ndiwo ayenera kulembana. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surat Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni, ndipo inatsikira anthu amene anali okhulupirika kuposa ife. M'malamulo a ijara, omwe ndi a kubwereketsa chinthu ndi malipiro, ma ulama amagwirizana kuti pangano silikhala lolongosoka pokhapokha mtengo, nthawi ndi chinthu chobwerekedwacho zikudziwika bwino kwa onse. Wobwereka amene akufuna kulowetsamo anthu ena ayenera kuonetsetsa kuti pangano lake ndi mwini nyumba likumulola, ndipo ndalama imene anzake amupatsira kuti akapereke ndi amana, si ngongole yoti angaitembenuze kaye. Kope la masamba ochepa, lolembamo amene wapereka lendi, amene wagula mayunitsi a magetsi ndi amene ali ndi ulendo wotsuka bafa, likanapulumutsa ubale wa mabanja asanu aja.

Nkhani ina ndi ya ulemu wa munthu. Nsalu yotchinga si khoma. Surat An-Nur imatiphunzitsa kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za ena, ndipo imatchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba momwemo ayenera kuodira: Swala ya Fajr isanakwane, masana pamene anthu avula kuti apume, ndi pambuyo pa Swala ya Isha. Ngati lamuloli likugwira m'banja limodzi, kuli bwanji m'fulati ya mabanja atatu? Apa ndiye ndimaima nji. Anyamata okhaokha angathe kupanikizana m'chipinda kwa kanthawi pamene akusonkhanitsa ndalama. Koma mwamuna amene akuitanitsa mkazi wake kuchokera kumudzi kuti akamugoneke kuseri kwa nsalu, m'chipinda chimene mukugonanso amuna ena, wamulanda mkaziyo ufulu umene Shariya inamupatsa, wa pokhala pamene angatseke chitseko n'kuvula mpango wake mopanda mantha. Kophikira n'kogawana, bafa n'logawana malinga lili ndi loko, koma chipinda cha banja chikhale cha banjalo. Amene sangakwanitse zimenezo adikire kaye.

Tisaganize kuti zonsezi n'za ku Joni kokha. Ku Ndirande, Mbayani, Bangwe, Chinsapo ndi Mtandire anthu akhala m'nyumba za mdadada kwa zaka zambiri, mabanja asanu kapena khumi pa mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, monga amene amachita lendi kwa Chikanda ku Zomba, amagona angapo m'chipinda chifukwa malo ogona a pasukulu ndi ochepa. Bungwe la Malawi Housing Corporation lakhalapo kuyambira mu 1964, koma nyumba zake sizinayandikirepo chiwerengero cha ozifuna. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera, eni nyumba anakweza lendi, ndipo ambiri amene ankakhala okha anayamba kufunafuna wogawana naye. Pamene mizinda yathu yayamba kumanga nyumba zosanja, tidzafika pomwe Johannesburg inafika. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nyumba ya mdadada moto ukabuka aliyense amatulukira khomo lake, pamene pa nsanjika yachinayi anthu onse amadalira masitepe amodzi.

Makhonsolo athu akanayamba pano kulemba m'kaundula nyumba zogonamo anthu ambiri, makamaka mahositelo a ophunzira amene akumera ngati bowa, ndi kuyendera mawaya, zitseko ndi zimbudzi zake. Koma pali chimene ife eni tingachite osadikira khonsolo. Mizikiti yambiri ya m'matauni ili ndi malo a waqf. Chizolowezi chathu n'kumangapo mashopu kutsogolo, ndipo sindikutsutsa, chifukwa mzikiti umafuna ndalama ya madzi ndi magetsi. Komabe m'mbiri ya Chisilamu waqf inkamanganso malo ogona. Pa Al-Azhar ku Cairo, ophunzira ochokera kutali ankagona m'zigawo zotchedwa riwaq, chigawo chilichonse ndi mtsogoleri wake, zonse zikuyendetsedwa ndi chuma cha waqf. Chingatilepheretse n'chiyani kumanga mdadada wa zipinda khumi kuseri kwa mzikiti, wokhala ndi kophikira kamodzi ndi mabafa okwanira, wa ophunzira kapena achinyamata oyamba kumene ntchito, lendi yake yotsika koma yolembedwa, ndipo komiti ya mzikiti n'kukhala mwini wodziwika? Atsikana ophunzira ndiwo akusowa kwambiri malo otere. Kungofunika kuti komitiyo iziwerengera anthu ndalamazo poyera chaka chilichonse, chifukwa komiti yosawerengetsa ndalama siisiyana kwenikweni ndi otolera lendi aja.

Kwa inu makolo amene muli ndi ana kuchilendo, foni ikadzaliranso musadzathamangire kufunsa za marandi. Mudzafunse kuti m'chipindamo amagonamo angati, ndipo ndi ana a yani. Mudzafunse kuti lendi amapereka kwa ndani, ndipo ngati amalandira lisiti. Mudzafunse ngati amaphikira pa magetsi enieni kapena pa sitovu ya parafini pafupi ndi makatoni, komanso kuti ali pa nsanjika yachingati. Mwana angaseke n'kunena kuti bambo mwayamba upolisi, koma inu mudzapitirize, mumufunse kuti geti la pansi likakhomedwa usiku, kiyi amagona m'thumba la ndani.